Ulusi Woyera wa Amalume a Dand

Gudu. Gudu. Gudu.

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku, nyali itazima kale. Phokosolo ndinalidziwa ndisanatsegule n'komwe maso, poti ndinali nditalimva masana aliwonse kwa milungu iwiri. Kanali kabedi kogwedeza ka mwana, miyendo yake yopindika ija ikugunda pa miyala ya pansi m'khitchini. Sikanali kuthamanga ayi. Kanali kugwedezeka mofatsa, mmene amagwedezera munthu amene walerapo ana ambiri. Ndinapapasa m'bulangete. Mwana anali pomwepo, pachifuwa panga, akupuma. M'kabedimo munalibe munthu.

"Archie," ndinanong'oneza mwamuna wanga. "Archie, tadzukani. Mukumva?"

"Ndi mphepo, Rena. Gona."

"Mphepo inayamba liti kulera ana?"

"Ndiye ndi amalume."

Tinamvetsera tonse. M'kachipinda ka m'denga, pamwamba pathu penipeni, amalume a Dand anali kuliza mkonono wawo wa masiku onse, uja wothera ndi kalikhweru. Ndipo kuseri kwa chitseko chathu, gudu, gudu, gudu. Archie sanadzuke kukaona. Ndinangomva mkono wake ukuuma pansi pa mutu wanga.

Amayi anga kwathu ku Hawick sankalola ngakhale mphaka kukhudza kabedi kopanda mwana. Ankati ukakagwedeza, ukugwedeza moyo wa mwanayo kuti utuluke. Ndinakhala maso mpaka kunja kunayera.

Umenewo unali usiku woyamba. Wapitawu unali wachisanu ndi chiwiri. Lero ndi Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, 1955, ndipo ndikulemba izi m'kope langa lakale la kusukulu, mwana ali pamwendo. Ndikulemba chifukwa pakamwa pa anthu a m'chigwa chino ndikupadziwa. China chikatichitikira, adzati nkhalamba ija inali yozungulira mutu, inkaopseza mtsikana wa m'tauni. Ndikufuna pakhale pepala lonena kuti a Dand Beattie ndi munthu wotani.

Anabadwira m'nyumba ino, kumutu kwa chigwa cha Ettrick kumene msewu umathera, zaka 68 zapitazo. Bambo awo ankaweta nkhosa za eni malo pa phiri lomweli, agogo awonso chimodzimodzi. Iwo anayamba kutsata nkhosa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chibadwire sanagonepo kunja kwa nyumba ino ngakhale usiku umodzi. Kumsika wa nkhosa amanyamuka nkhuku zisanalire n'kubwera tsiku lomwelo mdima uli bii, ngakhale anzawo awanyengerere ndi wisiki wotani. Ku nkhondo yoyamba anawabweza chifukwa cha diso lakumanzere, limene linafa atalasidwa ndi waya ali mwana. Azichimwene awo awiri anapita, osabwerako.

Ndi aafupi, a mapewa otambalala, ndipo ngati sakugwira nkhosa ndiye kuti akuluka. Amaluka akuyenda m'phiri, mpira wa ulusi uli m'thumba, singano zinayi zikungoti tyetyetye, diso lili pa nkhosa. Ine ndinagwira zaka zinayi ku fakitale ya majuzi, ndiye ndinkadziyesa katswiri. Tsiku limene Archie anabwera nane kudzandionetsa, iwo anagwira mkono wa juzi yanga, anautembenuza, anausuzumira ndi diso lawo limodzilo.

"Ya makina ija ndi imeneyi? Archie, fulumira nawo ukwati, mtsikana wakoyu angafe ndi mphepo usanamukwatire."

Archie analeredwa ndi iwo. Mayi ake, mlongo wawo wa a Dand, anamwalira iye ali ndi miyezi isanu, bambo ake n'kupita ku Glasgow kukafuna ntchito, osamvekanso. A Dand anatsala ndi khanda m'manja, nkhosa zitangoyamba kuswa, m'nyumba mopanda mkazi. Amakonda kunena kuti anamuyamwitsa ndi botolo la ana a nkhosa, n'chifukwa chake mnyamatayo akapeza chipata chotsegula amaima n'kumachiyang'ana. Anthu amaseka. Koma mbali ina ya nkhaniyo sainena pagulu. Usiku wonse iwo ankachezera kukhola kuthandiza nkhosa zobereka, khanda atalisiya lokha m'kabedi pafupi ndi moto. Pobwera m'mawa ankalipeza lili m'tulo, lofunditsidwa bwino, moto ukuyakabe, kabedi kakumaliza kugwedera.

"Ankamugwedeza ndani?" ndinafunsa nditangolowa kumene m'banja.

"Eniake," anatero, osakweza mutu pa zoluka zawo.

Kumunsi kwa chigwa amamutcha Brownie, kamzimu ka m'nyumba kothandiza ntchito usiku, koma m'nyumba muno dzinalo silitchulidwa, ndipo ine ndalilemba kamodzi kokha kano. Timangoti eniake. Usiku uliwonse a Dand amatenga kambale kathabwa kakuda, amawengula zonona za pamwamba pa mkaka, amaikapo kachidutswa ka mkate wa oti, mbewu yonga tirigu, n'kukasiya pa mwala wa kumanzere kwa moto. Saitana, salankhula, satembenuka. Amangokasiya ngati munthu amene waiwala chinthu. Anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi awo atadwala. Ukapeza m'mawa phulusa litawoledwa kapena ndowa zitatsukidwa, suthokoza. Ikakwana teni koloko, khitchini si yanunso. Koma lamulo limene anandibwerezera kangapo ndi lakuti chovala sichigona m'khitchini. Ngakhale sokosi imodzi, inyowe bwanji. Misomali yokolekapo majekete ili kukhonde, kozizira.

"Kumupatsa chovala n'kumutsanzika," anandiuza. "Akavala amapita, sabweranso, ndipo mwayi wa nyumba umapita naye."

Sindinali mkazi woyamba kumva zimenezi. Archie anandiuza za Bella Nichol, mwana wa wosula zitsulo, amene anayenera kukwatiwa ndi a Dand mu 1913. Tsiku lina madzulo anabwera kudzamwa tiyi, anayala khoti lake pampando pafupi ndi moto kuti liume, a Dand n'kulinyamula kukalikoleka kukhonde. Bella anaseka. Ataona kuti mnzakeyo sakuseka, anati, "Dand, mchimwene wanga ali ndi malo ku Canada. Tiyeni. Kambale kanuko tidzakadyetsera galu." Iwo anangofunsa kuti, "Nanga kuno aziika ndani?" Bella anapita yekha. Ubweya woyera umene a Dand anapota okha kuti amulukire shawelo ya ukwati anautsekera m'bokosi m'denga, ndipo Archie akuti chikulire sanaonepo bokosilo likutsegulidwa.

Amanenanso za chaka cha 1947, pamene chipale chofewa chinakwirira nkhosa mazanamazana m'chigwa chino. Za a Dand anakazipeza zonse zili m'khola lamiyala, chipata chomangidwa ndi mfundo imene iwo samanga.

Ndisaname, ine zonsezi ndinkazitenga ngati chizolowezi cha munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali. Ndinkati zonona zikumwedwa ndi mbewa, phulusa akuwola ndi amalume omwewo poti amalawirira kudzuka. Malamulo ndinkawasunga mmene umasungira malamulo a kunyumba ya eni ake, ndipo amalume ankandikonda. Ndili woyembekezera anandilukira masokosi awiriawiri katatu, amvekere mapazi a m'tauni sapirira.

Mwana anabadwira kwa amayi ku Hawick mu Januwale. Tsiku lobwerera kuno amayi anandikokera pambali.

"Kufikira atabatizidwa, dzina lake usalitchule mokweza. Ndipo akagona m'kabedi, uziyala chovala cha bambo ake pamwamba. Kumapiri kuja kuli zinthu zokonda ana osabatizidwa. Zikamva fungo la bambo zimalambalala."

Titangofika, chipale chinayamba kugwa. Chinagwa masiku anayi osapuma, msewu unakwiririka mpaka mipanda osaoneka, ndipo abusa amene anayenera kudzabatiza mwana Lamulungu lotsatira analephera kudutsa. Mpaka lero sanadutse. Amuna ankatuluka m'mawa kukafukula nkhosa ndi kuzipatsa udzu wouma, ine n'kutsala ndekha ndi mwana wopanda dzina. Akagona m'kabedi pafupi ndi moto, ndinkayala pamwamba jekete lakale la Archie, lobooka m'zigongono, la zigamba za chiguduli, lonunkha mankhwala osambitsira nkhosa. Agalu akayamba kuuwa kuti amuna akubwera, ndinkalichotsa n'kukalikoleka kukhonde. Ndinachita zimenezi milungu iwiri osaphonya.

Tsiku limenelo mwana analira kuyambira folo koloko. Ndinayenda naye, ndinamuyamwitsa, ndinamuimbira mpaka mawu kusasa. Amuna anabwera mochedwa, anadya ali chiimire ndi nyali imodzi, aliyense n'kukagwa pogona pake. Amalume anaika kambale mumdima mmene amachitira. Ine ndinalowa naye mwana kuchipinda, ndinagona ndi nsapato zomwe. Jekete linatsala pa kabedi, phazi limodzi kuchokera pa kambale.

M'mawa chimene chinandidzutsa ndi bata. Kunalibe kutsokomola kwa amalume, kunalibe kulira kwa ketulo. Ndinawapeza ataima pakati pa khitchini, manja ali lende. Moto unali utazimiratu, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo m'nyumba muno. Kambale kanali kovundikira, zonona zili m'phulusa. Jekete linali litang'ambidwa timizeremizere tating'ono ngati zingwe za nsapato, ndipo timizereto tinayalidwa pa mwala mwadongosolo, kamodzi pambali pa kanzake.

"Ndani?" anafunsa.

"Ndine, amalume. Ndinaiwala. Amayi anandiuza kuti…"

"Anakuuza chiyani amayi ako?"

Ndinafotokoza. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye unkayala jeketelo kuti mwana asabedwe. M'nyumba muno. Pamaso pa amene analera bambo ake a mwanayo."

"Sindinkaganiza za iwo, amalume. Ndinkaganiza za zakunja."

"Mwanawe, wamunena kuti ndi wakuba, kenaka wamuponyera nsanza."

"Ndiye apita?" ndinafunsa, ndipo ndivomere kuti mtima wanga unkafuna atero.

"Chikanakhala chovala chabwino akanapita. Wopatsidwa nsanza sapita. Amakhala."

Archie anayesa kupeputsa nkhani. "Jekete limenelo ngakhale ine linkandinyoza," anatero. Palibe anaseka. Usiku wa tsiku lomwelo ndi umene kabedi kanayamba kugwedezeka.

Pansi pa khitchini ino ndimakolopa nditagwada Loweruka lililonse, ndiye mwala uliwonse ndimaudziwa. Kuchokera pamene kabedi kamakhala kufika pa chitseko cha kuchipinda kwathu pali miyala isanu ndi inayi. Kutacha usiku woyamba uja ndinapeza kabedi kasuntha mwala umodzi kulunjika kuchitsekocho. Sindinauze munthu. Ndinangolemba kamzere ndi khala. Usiku wachiwiri kanagwedezekanso, ndipo m'mawa kanali kadutsa kamzere kanga ndi mwala wina wathunthu. Pamenepo ndinawaitana onse awiri n'kuwaonetsa.

Amalume anayesa zonse zimene amadziwa. Anaika zonona zochuluka, anatsegula uchi umene ankasungira chifuwa chawo, anaphika okha mkate wa oti, wopyapyala, wosapserera ngakhale m'mbali. M'mawa uliwonse kambale kankapezeka kovundikira. Mkaka unayamba kusasa uli m'ndowa, usanafike n'komwe m'nyumba. Agalu athu awiri, Moss ndi Fly, amene amalimbirana malo a pamoto, anayamba kuthera pakhonde, akunjenjemera ndi chisanu koma osalola kuponda m'kati.

Ine ndinaphunzirako sekondale zaka ziwiri, ndipo aphunzitsi athu a sayansi ankati chinthu sichiyenda chokha. Mkonono munthu angathe kunamizira, ndinadziuza choncho. Usiku wachitatu, onse atagona, ndinamanga ulusi wofiira kumunsi kwa makwerero a m'denga, wina pa chitseko cha kunja. Ndinadzuka woyamba. Ulusi wonse unali wosaduka. Kabedi kanali kasunthanso. Ndili chiimire, amalume anatsika, anaima pa khwerero lomaliza, anamasula ulusiwo bwinobwino, anaukulunga pachala n'kundipatsa.

"Ulusi wa makina. Ndinaumva fungo ndili m'mwamba." Kenaka anandiyang'ana, nthabwala zonse zitawachokera pankhope. "Ukanangondifunsa, mwanawe. Nanenso ndikulakalaka akanakhala ine."

Tsiku lachinayi Archie ananyamula kabedi kukakatsekera m'nyumba yosungiramo udzu wa nkhosa, anakhoma ndi loko, kiyi n'kuika pansi pa pilo. Usiku umenewo kunali zii mpaka cha m'ma fili koloko. Ndinayamba kusinza, ndikuthokoza Mulungu mumtima. Kenaka gudu, gudu. M'mawa kabedi kanali m'khitchini, chipale chili pamwamba pake chosasungunuka, kiyi ali pansi pa pilo pomwe paja. Archie anatuluka n'kubwera ndi nkhwangwa. Amalume anaima kutsogolo kwake.

"Unagonamo iwe mmenemu."

"Chokani, amalume."

"Chabwino, kawaze. Usiku uno agwedeza chiyani? Bedi lanu?"

Archie anatsitsa nkhwangwa.

Tsiku lachisanu mwana anayamba kutsokomola ndi kukana bere. Dzulo thupi linatentha, kupuma kwake kukumveka ngati mphepo yolowera pa mng'alu wa zenera. Amalume anawiritsa ketulo kuti azipuma nthunzi, anamupaka mafuta pachifuwa ndi chala chimodzi, mosamala ngati akugwira dzira. Sizinasinthe. Namwino ali kumunsi kwa chigwa, kuseri kwa milu ya chipale yotalika kuposa munthu. Pakati pa kabedi ndi chitseko chathu panali patatsala miyala itatu.

Chakumadzulo ndinavala khoti, ndinamukulunga mwana m'mabulangete awiri, ndinalunjika kukhomo. Archie ananditsekereza.

"Ukupita kuti?"

"Kwathu."

"Mitunda makumi awiri, chipale chofika m'chiuno? Simufika ngakhale pa mlatho. Ndidzakufukulani mu Epulo pamodzi ndi nkhosa."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinatembenukira kwa amalume, amene anali pampando wawo akuluka chidendene cha sokosi.

"Amalume, njira mukuidziwa. Munandiuza nokha. Singano zili m'manja mwanumo."

"Ayi."

"Mulukireni chovala chabwino, avale, apite."

"Wangokwiya. Mtima ukhala pansi. Anakwiyapo kale, amayi atamuikira mkaka wosasa, ndipo patapita masiku…"

"Kwatsala miyala itatu."

"Sanapwetekepo mwana wa m'nyumba muno."

"Uyu sanabatizidwe, alibe dzina, ndipo amene anamunyoza ndi mayi ake. Mukutsimikiza kuti akumuona ngati wa m'nyumba muno?"

Singano zinaima.

"Ukudziwa chimene ukupempha, iwe? Chipale chikasungunuka upite kwa a Hislop kumunsiku, kumene mayi wina wachifundo anasokera eniake a kumeneko mkanjo. Denga lili pansi, m'khitchini mukumera khwisa. Nkhosa zinatha chaka chimodzi." Anaika zoluka zawo pamiyendo. "Zaka 59 ndakhala ndikuika kambale aka. Amayi anapita. Azichimwene anapita, mlongo wanga anapita, Bella anapita. Aliyense amene ndinakhala naye muno anatulukira pakhomo ilo. Amene sanandisiye ndi mmodzi yekha. Ndiye iwe wabwera dzana ndi juzi yako ya makina, ukuti ndimuthamangitse ndi manja anga?"

Chimene ndinayankha sindinyada nacho, koma ndilemba.

"Munasankha kambale m'malo mwa Bella. Sankhaninso kambale lero, tione ngati kadzakuitanani kuti agogo."

"Rena!" anakuwa Archie.

Sindinamumvere. Ndinamutula mwana pamiyendo pa amalume, pamwamba pa zoluka zawo. "Mugwireni. Tamvetserani chifuwa chakecho."

Anamugwira. Anamukhazika bwino ndi manja aja amatembenuza mwana wa nkhosa m'mimba mwa make. Anawerama, anaika khutu pa kachifuwako, anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anandibwezera mwana, anakwera m'denga osadya. Cha m'ma naini anatsika, anaika kambale pa mwala monga mwa masiku onse, n'kukweranso.

Usiku wapitawu sindinavule n'komwe. Ndinakhala pabedi nditatsamira khoma, mwana ali m'manja, Archie ali pambali panga atagwira chitsulo chotakasira moto ngati chingathandize. Kutangodutsa pakati pa usiku kabedi kanayamba. Tsopano kanali pafupi moti chitseko chinkanthunthumira pa kugunda kulikonse. Kenaka ndinamva makwerero akulira. Mapazi opanda nsapato. Mpando ukukokedwa. Chibadwire cha nyumba ino sindikudziwa ngati munthu anakhalapo m'khitchini nthawi ngati imeneyo.

Ndinanyang'ama n'kukaika khutu pachitseko. Amalume anali kulankhula motsitsa, ndi mawu aja amalankhulira kwa nkhosa yokodwa mu waya.

"Ndine. Ndine Dand. Ukundidziwa… Mwana wa Archie ameneyu, Archie wako yemwe uja… Mtsikanayu sankadziwa. Ngati pali wolakwa ndine, sindinamuphunzitse bwino."

Gudu. Gudu. Gudu.

"Basi tsopano. Basi, wamva? Zakwana."

Sikanaime. Kenaka kunamveka phokoso lina, miyendo ya mpando ikukhwekhwereza pa mwala, pang'onopang'ono, molemera. Litasiya, kunangoti zii. M'batamo ndinamva amalume akuti "Aa," motsitsa kwambiri, mmene amachitira munthu akaona bala limene sanali kuliyembekeza.

Sindinatsegule chitseko mpaka kutayera. Ndinawapeza ali pampando, phazi lili pa mwendo wa kabedi, nkhope yotuwa ngati phulusa. Mpando ndi kabedi zonse zinali zitasuntha. Kwatsala miyala iwiri.

"Ndinakaponda ndi mphamvu zanga zonse," anatero. "Anatikoka tonse, ine ndi mpando womwe."

"Munamuona?"

Anachotsa phazi pa kabedi.

"Wakalamba. Wakalamba kwambiri, Rena, ndipo ali maliseche, akunjenjemera. Zaka zonsezi ine ndinkati samva chisanu. Ndalukira masokosi chigwa chonse chino." Anapukuta diso lawo lamoyo ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo sakundidziwanso. Anandiyang'ana ngati mlendo, kenaka anayang'ana chitseko chanu."

Anaimirira movutikira, anakwera m'denga. Tinamva chinthu cholemera chikukokedwa. Anatsika ndi bokosi lija paphewa, analitula patebulo, anavundukula. Fungo la mankhwala a njenjete linadzaza khitchini. M'katimo, wokulungidwa m'pepala lofiirira, munali ulusi woyera wa Bella, mitolo isanu ndi umodzi, wofewa moti ine amene ndagwira ulusi wa mitundu yonse ku fakitale sindinaonepo wotere.

Archie anali pakhomo atavala kale, ndodo m'manja, agalu akulira pakhonde.

"Amalume, nkhosa."

"Pita wekha. Uyambe kuzolowera."

Archie anandiyang'ana. Chiyambire kukumbukira zinthu, sanaonepo tsiku limene amalume sanakwere phiri. Anatuluka mwakachetechete.

Amalume anatambasula manja awo mumlengalenga, akuyeza chinthu chimene ine sindinali kuchiona. Mapewa ngati a mwana wa zaka zitatu. Mikono yaitali, yaitali kuposa mmene iyenera kukhalira. Anagwedeza mutu, anasankha singano zawo zopyapyala zija sazigwiritsa ntchito pa masokosi. Ine ndinagoneka mwana pabedi, ndinabwera n'kutambasula manja kuti akolekepo mtolo wa ulusi azikulunga mpira, monga timachitira masiku onse. Anandikankha manja.

"Ayi. Manja ako asakhudze. Akafuna wolusira potuluka, apeze fungo la munthu mmodzi yekha."

Anakoleka mtolowo kumsana kwa mpando n'kuyamba kukulunga okha.

"Mumaliza, amalume?"

"Miyala iwiri ndi mausiku awiri. Usiku uno ndikhala pomwe pano ndi nyali, ndiziluka iye akuona, adziwe kuti ndi yake ndiponso kuti si nsanza. Ikhala juzi ya kachipewa, ya mabatani a nyanga. Mawa madzulo ndiyala pa mwala pambali pa kambale, ndipo chitseko cha kunja ndichisiya chotsegula."

"Nanga akapita? Nkhosa, nyumba?"

"Nkhosa ndi za eni malo. Nyumba ndi miyala." Anakoka ulusi, anauyesa ndi mano. "Zikatha izi mwina ndidzapita nawe ku Hawick, ndikagoneko usiku umodzi. Ndikawaone makina akowo mmene amawonongera ubweya."

Ndinafuna kupepesa za mawu a dzulo aja. Ndinangoti, "Amalume…"

"Kamuyamwitse mwana, mwanawe. Ndipo usandithokoze. M'nyumba muno sitithokoza, mpaka mawa."

Panopa ali pampando wawo, pakati pa kabedi ndi chitseko chathu. Mpendero wa m'munsi wa juziyo watha kale, ayamba thupi lake.